Chitini cha dothi pansi pa pilo

Ntchito yanga yoyamba mu Perth inali yosambitsa nkhalamba. Abale kumudzi ankauza anthu kuti ndine nesi, ine osawatsutsa, koma zoona zake n'zakuti ndinkapukuta anthu, kuwamwetsa phala ndi kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Nyumba yosungira okalambayo inali cha ku Maddington, pomwe ine ndinkakhala ku Balga. Ndinkakwera basi, kenako sitima, n'kufika nditatopa kale ntchito ndisanaiyambe.

Anandipezera ntchitoyo ndi amayi ena akwathu, otsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi kwathu. Anafika ku Australia ife tisanalote n'komwe za ndege, ndipo sankalola kuti uiwale zimenezo. "Ife ndi amene tinalambula msewu," ankatero akamatiyang'ana ife obwera m'mbuyo. Pantchito anali akhama, zimenezo sindingawanamizire. Bedi loyalidwa ndi iwo unkachita kuopa kuligonera. Vuto lawo linali diso loona ziwanda paliponse. Mwana akatsokomola, chiwanda. Galimoto ikakana kulira m'mawa mozizira, chiwanda. M'thumba la yunifolomu ankayenda ndi kabotolo ka mafuta odzozera, pambali pa magolovesi.

Mwa nkhalamba zonse zimene ndinasamalira, ziwiri sizichoka m'mutu mwanga. Woyamba anali mdala wina mzungu, wa banja la Angerezi oyamba kufika kuno. Miyendo inali itamukana, koma pakamwa panali pamoyo. Ndikamamumeta ndevu ankandiphunzitsa mbiri ya tauniyi, ndifune ndisafune. Munthu amene lumo lili pakhosi pake amayenera kusankha nkhani, koma iye analibe mantha amenewo.

Ankati makolo ake anabwera pa chombo n'kutsitsidwa pamchenga nyengo ya mvula, ndi mipando, mabokosi a mbale ndi piyano, zonse n'kumavumbwa pagombe chifukwa kunalibe nyumba yoziikamo. Malo ankagawidwa malinga ndi katundu ndi antchito amene munthu wabwera nawo. Aliyense ankafuna madzi, choncho anadula dzikolo m'timizere titalititali, kalikonse kuyambira pamtsinje kulowera kumtunda. Anavutika, ankatero. Mbewu zinkakana mumchenga, nkhosa zinkafa ndi zitsamba zapoizoni, ufa unkatha. Atalephera okha anapempha kwawo kuti awatumizire akaidi, ndipo akaidiwo ndi amene anaswa miyala, kumanga misewu ndi milatho, mpaka mudzi wa mahema unasanduka tauni. Akafika pamenepa ankamenya chikhatho pa mkono wa mpando n'kunena kuti nyumba imene tinalimoyo inamangidwa kumchira kwa kamzere ka banja lake.

"Pano panalibe kanthu, mtsikana," ankatero. "Tchire lokhalokha."

Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Ngakhale anthu panalibe?"

"Analipo ena ongoyendayenda. Koma sankalima."

Ndinamumeta bwinobwino mpaka kumaliza, chifukwa ndinali ndi ana awiri ofuna kudya.

Nkhalamba inayo inali m'chipinda chakumapeto, pafupi ndi kochapira. Anali agogo a mtundu wa Noongar, eni dziko lino, omwe mdala uja ankawatcha ongoyendayenda. Musaganize za agogo ofatsa. Anali ochepa thupi, akuthwa pakamwa, otukwana kuposa kondakitala wa minibasi. Ankakonda kuonera mpikisano wa mahatchi pa kanema ndi kusewera makadi, ndipo pamakadipo ankaba poyera, ukawagwira n'kukutukwana iweyo. Ankanditchula kuti mtsikana wa ku Africa ndipo ankati tiyi wanga ndi madzi otsukira mbale. Ndinkawakonda kwambiri.

Tsiku lina ndikusintha nsalu za pabedi pawo ndinapeza chitini chakale cha tiyi pansi pa pilo. Ndisanachisunthe n'komwe anandigwira pamkono, zala zawo zolimba ngati za munthu wosenda chimanga. Atandiyang'ana kanthawi anachitsekula okha. Munali kansalu kofiira komanga mfundo, ndipo m'kansalumo munali dothi lokwana manja awiri, lakuda, losakanikirana ndi mchenga woyera.

Anandiuza mwachidule, maso ali pa mahatchi. Anabadwira m'chisakasa cha malata m'mphepete mwa dambo lina cha ku Welshpool, kumalire a munda wa mzungu. Anthu awo ankaloledwa kukhala pamenepo bola aziwaza nkhuni ndi kuchapa zovala za mwini munda, ngakhale kasupe amene makolo awo ankamwa anali atalowa m'kati mwa mpanda. Ali kamtsikana boma linawatenga n'kukawasiya kumishoni kutali. Pobwerera ali munthu wamkulu anapeza mayi awo atamwalira, ndipo mathirakitala akukwirira dambolo kuti pamangidwe mafakitale. Anagwada pomwe panali chisakasa chawo, natapa dothi limenelo thirakitala likubwera.

"Mdzukulu wanga akudziwa," anatero. "Adzathira m'dzenje ine ndisanatsikiremo, kuti ndikagone pa kwathu. Ukadzaligwiranso ndidzakuthyola zala."

Sindinafunikire kufotokozeredwa kawiri. Mmalawi aliyense amadziwa komwe kunakwiriridwa mchombo wake. Kuyambira tsiku limenelo, ndikayala bedi ndinkabwezera chitinicho pamalo pake, chivindikiro chikuyang'ana kukhoma monga ankafunira.

Mwezi wa Juni kuno kuli tchuthi chimene kale chinali chokumbukira kufika kwa Angerezi. Boma linachisintha dzina, koma nkhalamba zathu zinkachitchulabe ndi dzina lakale, ndipo nyumba yathu inkakonza tiyi wa chikondwerero. Chaka chimenecho manijala analamula kuti zipinda zonse ziwale, chifukwa abale a okalamba adzayendera nyumba yonse. Ana a mdala uja anabweretsa chuma cha banja lawo: njerwa imodzi yochokera pa nyumba yoyamba ya makolo awo, youmbidwa ndi mkaidi ndi dongo la mumtsinje. Anaiika m'bokosi lagalasi pa tebulo loyalidwa nsalu yoluka. Amayi a mapemphero aja anapukuta galasilo mpaka kudziona nkhope, akundiuza kuti azungu amadziwa kusunga zinthu za makolo, osati ife.

Ine anandipatsa ntchito yoveka nkhalamba zipewa zachikale ndi kuzikankhira kuchipinda chochezera. Agogo aja nawonso anawaveka kachipewa ka zingwe zomanga pachibwano, ka akazi achingerezi akale. Anavomera chifukwa cha keke. Mdala uja anapatsidwa nkhwangwa ya katoni kuti agwetse mtengo wa katoni, popeza akuti tauniyi anaiyambitsa podula mtengo. Anthu anawomba m'manja. Agogo anandikodola n'kunena kuti akumva kuzizira, ndikawatengere juzi.

Nditalowa m'chipinda mwawo ndinapeza bedi layalidwa mwa njira imene ndinkaidziwa bwino, pilo ataimikidwa ngati msilikali. Kuchimbudzi kunkamveka madzi akutsika ndi mawu a munthu akupemphera m'malilime. Ndinakankha chitseko. Amayi a mapemphero aja anali atavala magolovesi, akutsuka chitini chija ndi sopo ndi madzi otentha. Kansalu kofiira kanali m'bini, kataduliridwa ndi sizasi.

"Amayi, mwatani?"

"Mwana wanga, Mulungu ndi wabwino," anatero, nkhope ikuwala ndi thukuta. "Taona chimene ndapeza pansi pa pilo. Nsalu yofiira, yomanga mfundo. N'chifukwa chake mayiyu amatukwana usana ndi usiku. Ndachiflasha m'chimbudzimu, chapita komwe chinachokera."

"Linali dothi la kwawo. Komwe anabadwira."

"Dothi la kumanda limenelo, ndikuzidziwa ine. Iwe wafika liti kuno kuti undiphunzitse zithumwa?"

Mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi munthu wamkulu. Ndinawakumbutsa za mnyamata wakwathu wa ku Ntcheu amene anafera kuno chaka chapitacho, mmene iwo omwewo anayendera nyumba ndi nyumba kuchokera ku Balga mpaka ku Maddington, akulira kuti mwana wa munthu sangagone m'dothi la eni, mtembo upite kumudzi zivute zitani. Ndinawafunsa ngati dothi la ku Ntcheu lokha ndilo lili ndi mwini.

Anavula magolovesi pang'onopang'ono. "Izo ndi zina. Ife ndife Akhristu." Kenako anatulutsa kabotolo kawo, nadontheza mafuta m'chitinimo, napaka ndi chala m'kati monse. "Ndipo uzikumbuka amene anakulowetsa ntchito muno. Visa yako si ya mwala."

Anabwezera chitinicho pansi pa pilo n'kutuluka akuimba nyimbo ya chigonjetso chapansipansi. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana madzi oyera a m'chimbudzi ngati chitsiru. Madzi akatayika saoleka, nanga dothi lolowa m'paipi. Ndinatola kansalu kodulidwako m'bini, n'kutenga juzi, n'kubwerera kokhala anthu, komwe mdala uja anali atayamba kufotokoza za njerwa.

Tiyi atatha ndinawakankha agogo kubwerera kuchipinda. Atangogona, dzanja lawo linapita lokha pansi pa pilo monga mwa masiku onse. Ananyamula chitinicho n'kumva kupepuka. Anachigwedeza. Anachitsekula, nanunkhiza, nayang'ana chala chawo chonyezimira ndi mafuta. Ndinkayembekezera matukwano oti denga lisasuke, ndipo ndikanawalandira mokondwa. Sanatukwane.

"Ndiwe?" anafunsa.

"Ayi, agogo."

Ndinawauza zonse, n'kuwapatsa kansalu kaja. Anakaika m'chitinimo, natseka, natembenukira kukhoma kachipewa ka chingerezi kadakali kumutu.

Ndinakadandaula kwa manijala tsiku lomwelo. Anamvetsera mwaulemu wa azungu uja wopendeketsa mutu, n'kunena kuti ndi zomvetsa chisoni, komabe dothi siliyenera kukhala pabedi pa munthu wodwala, ndipo amayi aja anangotsata malamulo a ukhondo. Za mafuta ndi malilime sanafune kuzimva. Nkhaniyo inayenda m'nyumba monse, inamufikanso mdala uja. M'mawa mwake ndikumumeta anandigwira dzanja, maso ali ndi chifundo chenicheni.

"Mayi uja akulirira dothi eti? Kamutapire pa maluwa panjapo. Ndi nthaka ya banja lathu imeneyo. Umuuze kuti ndamupatsa ine, atenge mmene angafunire."

Tsiku limenelo ndinamusiya tsaya limodzi losameta, ndinati lumo labuntha.

Pa tsiku langa lopuma ndinakwera basi kupita ku Welshpool. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza. Ndinkangokumbukira kuti agogo anatchulapo njanji ndi dambo. Njanji ndinaipeza. Kwina konse kunali nyumba zikuluzikulu za malata zosungiramo katundu, mipanda ya waya, simenti yoyalidwa mpaka kumsewu, ndi malole obwerera chambuyo akulira. Ndinayenda mpaka mapazi kutentha osaona pomwe nkhuku ingapalase. Potsiriza ndinapeza kampata pakati pa mpanda ndi msewu, pomera udzu wouma. Ndinagwada n'kuyamba kukumba ndi supuni imene ndinachokera nayo kunyumba. Mlonda wina anabwera kudzafunsa ngati ndataya kanthu. Nditamufotokozera anaseka, osati mwachipongwe, nati dera lonselo ndi mchenga wobwera pa malole, dothi lenileni lili pansi penipeni, pansi pa simenti. Ndinatapabe n'kuika m'kapepala ka pulasitiki.

Agogo anathira pang'ono pachikhatho, nafikisa ndi chala. Unali wachikasu.

"Uwu ndi mchenga wa omanga nyumba," anatero. "Nawenso ukundiyesa chitsiru?"

Anandiwaza nawo kumaso. Ndinasesa ndekha, ndikulira, ndipo sanandiyang'anenso.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya maumboni, amayi aja anaimirira atavala chilundu chawo chatsopano n'kutenga maikolofoni. Anauza mpingo kuti Ambuye anawatsogolera ku chithumwa chimene chinamanga mayi wina wachikuda kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira tsiku limene anachiphwanya mayiyo sanatukwanenso ngakhale kamodzi. Zimenezo zinali zoona. Nthungululu zinamveka, woimba kiyibodi anakweza, azimayi anavina mpaka kutsogolo. Anthu omwewa amene amasunga ufa wa kumudzi mufiriji ngati mankhwala, amene amalira akamva fungo la mvula yoyamba chifukwa likuwakumbutsa kwawo. Ndinakoka ana anga n'kutuluka. Mwana wanga wamkulu anandifunsa m'Chingerezi chake cha kuno kuti bwanji tikuchoka nyimbo isanathe, ndipo ndinamukalipira popanda chifukwa. Madzulo ake mayi busa anandiimbira foni kundiuza kuti ndili ndi mzimu wa kuwukira.

Agogo anasiya makadi. Kanema ankayaka, mahatchi akuthamanga okha. Phala ankalandira masupuni ochepa n'kutseka pakamwa, tiyi wanga sankamunyozanso. Madokotala anati ndi ukalamba, ndipo mwina unalidi ukalamba, ine si dokotala. Mdzukulu wawo ankagwira ntchito kumigodi kumpoto kwenikweni, ankabwera mwa apo ndi apo. Ndinapempha kuti ndimuimbire ndimuuze, agogo anakana. Anati mwanayo wakhala akulonjeza za dothilo kuyambira ali wamng'ono, musiyeni akhale nalo lonjezo lake masiku otsalawa. Chitinicho ankagona nachobe pansi pa pilo.

Anamwalira m'mawa wina nyengo yozizira ikutha, ine ndikuwapukuta kumaso.

Mdzukuluyo anafika tsiku lotsatira masana, mayi wamtali wovala jekete ya kuntchito, maso ofiira ndi ulendo ndi kulira. Manijala anatuma ine ndi amayi aja kuti timuthandize kulongedza. Mdzukuluyo sanayang'ane zovala, kanema kapena zithunzi za pakhoma. Atangolowa anafunsa za chitini.

Amayi ndi amene anachitenga. Anachipereka ndi manja awiri, atapinda maondo pang'ono, mwaulemu wonse wa kwathu. Mdzukuluyo atachilandira nkhope inasintha, chifukwa ankadziwa kulemera kwake. Anatsekula n'kupeza tizidutswa ta nsalu yofiira.

Ndinamuuza ine, amayi ali pomwepo. Sindinabise chimbudzi, sopo kapena mafuta. Amayi anayamba kufotokoza kuti anachita zimenezo pofuna kuthandiza, kuti agogo ake tsopano ali mfulu, ndipo mpingo wonse uwapempherera. Mdzukuluyo anakhala pa matiresi opanda nsalu, nayendetsa chikhadabo m'mphepete mwa chitinicho m'kati, pomwe chitsulo chimalumikizana. Anayang'ana chikhadabocho. Chinali choyera.

"Mwatsuka bwino," anatero.

Kenako anatulutsa kiyi wa galimoto, nayala tishu pabondo, nayamba kupala m'ngodya za chitinicho. Anapala nthawi yaitali, phokoso lake likulowa m'mano. Amayi anatuluka, akuti akukaona wodwala wina. Patishupo panagwa timadontho tochepa takuda, toti sungadziwe ngati ndi dothi kapena dzimbiri. Mdzukuluyo anapinda tishuyo kawiri mosamala, naiika m'thumba la pachifuwa, natseka zipi. Anandifunsa ngati ndidzabwere kumaliro, ndinati ndidzabwera.

Ndinapitadi. Bokosi lisanatsike, mdzukuluyo anagwada m'mphepete mwa dzenje n'kufunyulula tishu ija. Kunali kamphepo, ndipo sindinaone chilichonse chikugwa.